Linga la Fort Manning ndi Malo Ena a Mbiri m'Boma la Mchinji

Boma la Mchinji lili kumadzulo kwa chigawo chapakati, m'malire a Malawi ndi Zambia. Likulu lake lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 110 kuchokera ku Lilongwe potsata msewu wa M12. M'nthawi ya atsamunda bomali linkatchedwa Fort Manning, ndipo dzina la Mchinji linakhazikitsidwa dziko litalandira ufulu wodzilamulira.

Chiyambi cha linga

Linga la Fort Manning linabadwa ndi nkhondo. Angoni, amene anawoloka mtsinje wa Zambezi mu 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, anagawikana mfumu yawoyo itamwalira. Gulu la mwana wake, Mpezeni, linadzakhazikika m'dera lozungulira Chipata, ndipo mphamvu zake zinafika mpaka ku Mchinji, kumene kunali kale mafumu a Achewa monga Mkanda.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, kunamveka mphekesera zakuti m'dziko la Mpezeni muli golide. Mjeremani wina, Carl Wiese, anati mfumuyo inampatsa chilolezo chokumba miyala, ndipo chilolezocho chinadzagwera m'manja mwa kampani ya North Charterland. Ankhondo a Chingoni, motsogozedwa ndi Nsingu, mwana wa Mpezeni, sanafune kuti azungu alande dziko lawo.

Mu Januwale 1898, asilikali a boma la British Central Africa anathira nkhondo Angoni. Mikondo ndi zishango sizinalimbe pamaso pa mfuti za chiwaya ndi mizinga. Midzi inatenthedwa, ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa, ndipo Nsingu anagwidwa n'kuwomberedwa mu Febuluwale chaka chomwecho. Mpezeni, amene anali atakalamba, anadzipereka, nasungidwa ku Fort Manning kwa nthawi pafupifupi chaka chimodzi asanaloledwe kubwerera kwawo, kumene anamwalira mu 1900.

Linga linamangidwa m'dera la mapiri a Mchinji kuti liziyang'anira Angoni ogonjetsedwa ndi kulondera njira yolowera kumadzulo. Linapatsidwa dzina la William Henry Manning, mkulu wa asilikali amene anatsogolera nkhondoyo. Iyeyu anadzakhala bwanamkubwa wa Nyasaland asanatumizidwe ku Jamaica mu 1913. Nkhondo itazilala, linga linasanduka malo a maofesi a boma, a milandu ndi a msonkho. Tsidya lina kunamangidwa Fort Jameson, imene lero ndi mzinda wa Chipata.

Malire amene anagawa mtundu umodzi

Malire a maiko awiriwa amatsata mtunda umene umagawa madzi: ena amatsikira ku Luangwa, ena, monga a mtsinje wa Bua, amatsikira ku Nyanja ya Malawi. Mzerewu unasiya anthu a fuko limodzi m'maiko awiri. Mafumu a Chingoni a ku Mchinji, Zulu ndi Mlonyeni, amalemekeza Inkosi ya Makosi Mpezeni wa ku Zambia monga kholo lawo. Mwambo wa Nc'wala, umene unaletsedwa Angoni atagonja, unatsitsimutsidwa mu 1980, ndipo chaka chilichonse mu Febuluwale Angoni a ku Mchinji amawoloka malire kukavina nawo ku Mtenguleni.

Malo ena oyandikana

Kachebere: Mishoni iyi inatsegulidwa mu 1903 ndi ansembe a Katolika a chipani cha White Fathers, m'tsinde mwa phiri la Kachebere, pafupi kwambiri ndi malire. Mu 1939 panatsegulidwa seminale yaikulu imene yasula ansembe ambiri a ku Malawi ndi ku Zambia.

Guilleme: Mishoniyi inatenga dzina la Episkopi Mathurin Guillemé, ndipo ili ndi tchalitchi, sukulu ndi chipatala.

Nkhalango ya Mchinji: Nkhalango yotetezedwayi yakuta mapiri a Mchinji, ndipo imasunga magwero a madzi amene midzi yozungulira imadalira.

Njanji: Njanji yochokera ku Lilongwe inafika ku Mchinji mu 1980, ndipo mu 2010 inalumikizidwa ndi Chipata.

Chisamaliro cha malowa

Zotsalira za nyumba zakale zimawonongeka msanga ndi moto wolusa, kudula mitengo, kulima pafupi ndi maziko, ndiponso kugumula njerwa ndi miyala kuti zikamangire nyumba zina. Chimene chagumulidwa sichibwereranso, ndipo umboni wa zimene zinachitika mu 1898 umapita nacho.

Lamulo la Monuments and Relics Act limateteza zipilala ndi zinthu zamakedzana, ndipo sililola munthu kukumba, kuwononga kapena kutulutsa zinthu zotere m'dziko popanda chilolezo. Aliyense wopeza zinthu zakale, monga miphika, mikanda, zipolopolo kapena manda, akupemphedwa kuzisiya pomwe zili ndi kudziwitsa mfumu ya deralo, ofesi ya bwanamkubwa wa boma la Mchinji, kapena nthambi ya boma yoona za malo osungirako zinthu zakale ndi zipilala. Sukulu ndi magulu ofuna kuyendera malo a mishoni ayenera kuyamba apempha chilolezo kwa eni malowo.