Batire ndi Makamera Oyeza Mtunda: Mbiri ya Zaka 100

Munthu aliyense amene ali ndi wailesi pakhomo pake amadziŵa khalidwe la mabatire, amene akuluakulu amaŵatcha miyala. Miyala ikayamba kutha moto, mau a muulutsi amanka nazilala, ndipo kaŵirikaŵiri amazimiriratu pamene nkhani yafika pokoma. Vuto lomweli lasautsa anthu ojambula zithunzi m'maiko ambiri kuyambira pamene makamera adaleka kudya filimu n'kuyamba kudya magetsi. Nkhani ya lero ikunena za mtundu umodzi wa makamera, wotchedwa rangefinder, ndiye kuti kamera yoyeza mtunda. Kwa zaka zochuluka kamera imeneyi sinkafuna batire konse, koma itasanduka ya dijito idafika poti singajambule ngakhale chithunzi chimodzi ngati batire lilibe moto.

Mbiriyi idayambira mu mzinda wa Wetzlar, m'dziko la Germany, pa kampani ya Ernst Leitz imene inkapanga magalasi oonera tinthu ting'onoting'ono. Pa kampaniyo padali mmisiri wina dzina lake Oskar Barnack, yemwe ankadwala mphumu, ndipo kusenza makamera akuluakulu a masiku amenewo kunkamtopetsa. Tsono cha mu 1913 ndi 1914 iye adapanga kakamera kokwana m'thumba la jekete, kogwiritsa ntchito filimu ya kanema ya mamilimita 35. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse idachedwetsa ntchitoyi, kotero kuti kamerayo idayamba kugulitsidwa mu 1925, pa dzina lakuti Leica. Mu 1932 mudatuluka Leica II, imene idali ndi choyezera mtunda cholumikizidwa ku diso la kamera. Chaka chomwecho kampani ya Zeiss Ikon idatulutsa mnzake wopikisana nayo, Contax.

Kagwiridwe ka ntchito ka choyezera mtunda n'kosavuta kumva. Kumaso kwa kamera kuli timazenera tiŵiri totalikirana pang'ono, monga momwe maso a munthu aliri. Wojambula akasuzumira, amaona chinthu chimodzi chikuoneka paŵiri pakatikati pa zenera. Akamapotokola diso la kamera, kamkono kachitsulo kamasuntha kagalasi m'katimo, ndipo zithunzi ziŵirizo zimayandikirana mpaka kusanduka chimodzi. Zikakumana, ndiye kuti mtunda wapezeka, chithunzi chidzatuluka chooneka bwino. Ntchito yonseyi imachitika ndi magalasi, zitsulo ndiponso kuŵala kwa dzuŵa. Magetsi saloŵapo ayi. Mfundo imeneyi njofunika kuisunga, pakuti nkhani yonse ya batire yatsamira pomwepa.

Mu 1954 mudabadwa Leica M3, kholo la makamera onse a mtundu wa M. Chilembo chimenechi chikuimira mau a Chijeremani akuti Messsucher, otanthauza zenera loyezera mtunda. Kamerayi idalibe batire. Wojambula ankakankha kachogwirira ndi chala chachikulu, ndipo mphamvu ya chalacho inkakoka filimu ndi kukunga sipuling'i ya kachitseko kamene kamatseguka kuti kuŵala kuloŵe. Chimene wojambula ankada nacho nkhaŵa chidali filimu basi, chifukwa mpukutu umodzi unkatenga zithunzi 36. Atolankhani ankapita ku nkhondo, ku mapiri ozizira ndi ku midzi yopanda magetsi kwa miyezi yathunthu, osaganizako zofuna potchajira. Henri Cartier-Bresson wa ku France, mmodzi mwa akatswiri otchuka pa luso lojambula anthu m'miseu, adagwira ntchito yake kwa zaka zambiri ndi makamera a Leica otereŵa.

Batire lidaloŵa m'nyumbamu ngati mlendo waulemu. Mu 1971 kamera ya M5 idabwera ndi choyezera kuŵala m'kati mwake, ndipo choyezeracho chinkafuna kabatire kakang'ono ngati batani la malaya. M6 ya mu 1984 idachitanso chimodzimodzi. Koma kabatire kakatha, chimene chinkafa ndi choyezera kuŵala chokha. Kachitseko kankatsegukabe ndi sipuling'i, ndipo wojambula wozoloŵera ankangoyang'ana kumwamba n'kudziŵa yekha muyeso woyenera. Chenjezo loyamba lidadza pa nkhani ya mankhwala. Kabatire ka M5 kadali ndi mercury, chitsulo chamadzimadzi cha poizoni, ndipo maiko atayamba kuletsa mabatire otere, monga lidachitira dziko la United States mu 1996, eni makamerawo adavutika kupeza oloŵa m'malo a mphamvu yofanana. Mu 2002 mlendo uja adasendera pafupi ndi mpando wa mwini nyumba, pakuti M7 idapatsa magetsi udindo woyendetsa kachitseko. Komabe amisiri adasiya maliŵiro aŵiri, 1/60 ndi 1/125 ya sekondi, oti azigwira ntchito ngakhale batire litatheratu.

M'menemo n'kuti luso la dijito likukula kwina. Mu 1975 Steven Sasson wa kampani ya Kodak, mu mzinda wa Rochester ku United States, adapanga kamera yoyamba ya dijito yonyamula m'manja. Inkalemera pafupifupi makilogalamu 3.6, inkafuna mabatire 16, ndipo inkatenga masekondi 23 kuti isunge chithunzi chimodzi pa kaseti. Kuyambira tsiku loyambalo zidaoneka kuti dijito ndi mwana wosusuka pa magetsi. Chimene chidathandiza ndi batire la lithium-ion, lopepuka koma losunga moto wambiri, limene kampani ya Sony idayamba kugulitsa mu 1991. Akatswiri atatu amene adayala maziko a batire limeneli, John Goodenough, Stanley Whittingham ndi Akira Yoshino, adalandira mphoto ya Nobel mu 2019.

Kamera yoyamba ya dijito yoyeza mtunda sidachokere ku Germany, koma ku Japan. Mu 2004 kampani ya Epson, mothandizana ndi ya Cosina, idatulutsa R-D1. Amisiri ake adasunga kachogwirira kakale kaja, kotero kuti ngakhale munalibe filimu yokoka, chala cha wojambula ndicho chinkakungabe kachitseko. Sikirini ya kumbuyo inkatheka kuitembenuza kuti ibisike. Pamwamba pa kamerayo padali mivi yozungulira ngati ya wotchi, ndipo umodzi mwa miviyo unkasonyeza moto wotsala m'batire monga momwe muvi wa galimoto umasonyezera petulo. Muvi umenewu udali chizindikiro cha nyengo yatsopano. Wojambula amene kale ankaŵerenga mipukutu ya filimu m'thumba adayamba tsopano kuyang'anira moto.

Kampani ya Leica idatsatira mu 2006 ndi M8, kenaka M9 pa 9 September 2009. M'makamera ameneŵa kachogwirira kadachotsedwa, ndipo kainjini ka magetsi ndiko kankakunga kachitseko. Batire lidasenza tsono katundu yense: kuyeza kuŵala, kutsegula ndi kukunga kachitseko, kudyetsa sensa imene idaloŵa m'malo mwa filimu, kuyendetsa kakompyuta kokonza chithunzi, kulemba chithunzicho pa khadi, ndi kuyatsa sikirini. Mlendo uja adasanduka mwini nyumba. Komabe ntchito imodzi yaikulu idatsala kunja kwa ulamuliro wake. Munthu ankatha kusuzumira m'zenera, kuyeza mtunda ndi kudikira nthaŵi yabwino kwa ola lathunthu osadya moto, pakuti sensa inkagwira ntchito pa kamphindi kojambulako basi.

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Ogula adafuna zambiri, ndipo kamera ya M Typ 240, imene idalengezedwa mu 2012, idaŵapatsa mwai wojambula kanema ndi woona chithunzi pa sikirini asanadinize batani. Koma kuti sikirini ionetse zimene zili kutsogolo, sensa ndi kakompyuta ziyenera kukhala maso nthaŵi yonseyo, ndipo moto umatsika msanga. Ngakhale timizere tosonyeza malire a chithunzi m'zenera, timene kale tinkaŵala ndi dzuŵa, tidayamba kuyaka ndi magetsi. Pofuna kukwaniritsa zonsezi, amisiri adaikamo batire losunga mphamvu pafupifupi kuŵirikiza kaŵiri ya batire la M9. Moto udayamba kukhalitsa, koma kamera idanenepa ndi kulemera, ndipo anthu okonda kamera yopyapyala ya masiku a filimu adadandaula.

Madandaulowo adamveka. Mu January 2017 mudatuluka M10, yopyapyala ndi mamilimita pafupifupi 4 poyerekeza ndi mkulu wake, ndipo zojambula kanema zidachotsedwamo. Koma thupi laling'ono silingasunge batire lalikulu. Muyeso wa batire udatsika kuchoka pa 1800 mAh kufika pa 1100 mAh, ndipo chiŵerengero cha zithunzi pa kutchaja kumodzi chidalembedwa kuti ndi 210. Chiŵerengero chimenechi sichikwana ngakhale mipukutu 6 ya filimu. Wojambula pa ukwati kapena mtolankhani pa msonkhano wa tsiku lonse adayenera kuyenda ndi mabatire apadera m'thumba, monga momwe atate ake ankayendera ndi filimu.

Apa mpofunika kufotokoza kumene ziŵerengero zotere zimachokera. Ku Japan kuli bungwe la opanga makamera lotchedwa CIPA, limene mu 2003 lidakhazikitsa njira imodzi yoyesera mabatire. Kamera imaikidwa pamalo ofunda madigiri 23, imajambula chithunzi chimodzi pa masekondi 30 alionse, ndipo imazimitsidwa ndi kuyatsidwanso ikajambula zithunzi 10. Njirayi njothandiza poyerekeza kamera ina ndi inzake, koma siimalongosola tsiku la munthu weniweni. Wina amene amajambula zithunzi zambiri motsatizana, osayang'ana pa sikirini, amapitirira chiŵerengerocho kutali. Wina amene amayenda tsiku lonse kamera ili choyaka, namayang'ana chithunzi chilichonse n'kuonetsa anzake, moto ungamthere asanafike n'komwe. Chimene chimatha batire kwenikweni ndi nthaŵi imene kamera yakhala maso, koposa kuchuluka kwa zithunzi.

Chifukwa cha ichi makamera ameneŵa adapatsidwa nzeru yogona okha akakhala mphindi zingapo osakhudzidwa. Koma pamenepa paliponso vuto lake. Kamera yogona imafuna kanthaŵi kuti idzuke, pamene mwana wothamangira mpira kapena gogo woseka pakhonde sadikira munthu. Woisiya maso amataya moto, woigoneka angataye chithunzi. Ojambula ozoloŵera adapeza njira yao, yokhudza batani pang'ono pamene akukweza kamera, kuti pofika pa diso ikhale itadzuka kale. Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Kukazizira kwambiri batire la lithium-ion limapereka moto mochepa, ndiye chifukwa chake ojambula a ku maiko a chisanu amasunga lapadera m'thumba la m'kati, pafupi ndi thupi. Kutentha kwambiri kumalikalambitsa msanga, ndipo batire lililonse likatchajidwa kambirimbiri limayamba kusunga moto wochepa kusiyana ndi pamene lidali latsopano.

Mu January 2022 kamera ya M11 idayesa kuyanjanitsa mbali ziŵirizi. Chivundikiro cha pansi, chimene makamera a M adali nacho chiyambire masiku a filimu, chidachotsedwa, ndipo malo ake adakwana batire la 1800 mAh loloŵera pansi pomwepo. Kamerayi imatheka kuitchaja ndi chingwe cha USB-C, chonga cha mafoni ambiri a m'manja. Pa muyeso wa CIPA imafika zithunzi 700, pamene kampaniyo idanena kuti munthu wodalira zenera la magalasi angafike pa zithunzi 1700, zofanana ndi mipukutu 47 ya filimu. Umboni wina udadza mu October 2025 ndi kamera ya M EV1, imene idasiya choyezera mtunda chakale n'kuika zenera la magetsi m'malo mwake. Batire ndi lomwelo la M11, koma chiŵerengero cha zithunzi sichifika ngakhale theka la 700.

Njira ina imene idayesedwa ndiyo yochepetsa zodya moto. Mu 2016 mudatuluka M-D Typ 262, kamera ya dijito yopanda sikirini, ndipo M10-D ya mu 2018 ndi M11-D ya mu 2024 zidatsata mapazi ake. Ndiponso makamera a filimu sadatheretu. M-A ya mu 2014 ilibe batire lililonse, monga momwe idaliri M3 zaka 60 m'mbuyomo, ndipo M6 idayambanso kupangidwa mu 2022.

Mau a akuluakulu akoma akagonera. Timagalasi ndi timikono tachitsulo ta mu 1932, timene anthu ena ankatiyesa zakale zoyenera kutaya, ndito tikuthandiza kamera ya dijito yoyeza mtunda kufika madzulo ili ndi moto. Chilichonse chatsopano chimene chidawonjezedwa, kaya sikirini, kanema kapena zenera la magetsi, mtengo wake udalipidwa ndi batire, ndipo pamene thupi la kamera lidachepetsedwa, wojambula ndiye adasenza mabatire apadera. Chotero munthu woŵerenga chiŵerengero cha zithunzi cholembedwa m'buku la kamera azikumbukira kuti chidayesedwa m'chipinda, pa madigiri 23. Pa ukwati, pa msika kapena pa ulendo, moto umakhalitsa kwa amene amazimitsa sikirini, amasuzumira m'zenera, ndipo amanyamuka kunyumba batire lachiŵiri lili lodzaza m'thumba.