Mbiri ya masamu a mwayi m'masewera a makadi a pa kompyuta

Aphunzitsi anzanga ndi inu nonse amene mudadutsa m'kalasi mwanga, lero nkhani yathu ndi ya makadi. Sindikunena njuga ya kumsika ija ayi, koma masewera amene achinyamata a m'maiko ambiri amasewera pa kompyuta ndi pa foni, monga Hearthstone ndi Magic: The Gathering Arena. Mbiri ya masewerawa yagona pa funso lija timapereka ku Fomu 4 pa mutu wa probability: m'thumba muli mipira yofiira isanu ndi yoyera itatu, mwatola umodzi osaubwezera, kodi mwayi wotola wofiira kachiwiri ndi wotani? Ana ambiri amafunsa kuti funso lotere lidzawathandiza chiyani. Tiyeni tione kumene lidachokera ndi kumene lafika.

Masamu a mwayi adabadwira pa njuga. M'chaka cha 1654 akatswiri awiri a ku France, Blaise Pascal ndi Pierre de Fermat, ankalemberana makalata pofuna kudziwa kagawidwe koyenera ka ndalama ngati masewera adukizidwa wopambana asanadziwike. Mu 1657 Christiaan Huygens wa ku Holland adasindikiza kabuku pa nkhaniyi, ndipo mu 1708 Pierre de Montmort adatulutsa buku lowerengera mwayi m'masewera a makadi. Apa pali mfundo imene tiyenera kuigwira bwino. Ndalama yachitsulo mukaiponya m'mwamba siikumbuka mmene idagwera poyamba. Mulu wa makadi umakumbuka, chifukwa khadi likatuluka latuluka, ndipo mwayi wa otsalawo umasintha.

Kwa zaka mazana osewera onse ankatola pa mulu umodzi wa makadi. Zinthu zidasintha mu 1993 pamene kampani ya Wizards of the Coast ya ku America idatulutsa Magic: The Gathering. Adayambitsa masewerawa ndi Richard Garfield, amene chaka chomwecho adamaliza PhD ya masamu ku University of Pennsylvania. Chachilendo chake chinali chakuti aliyense amasankha yekha makadi oika mu mulu wake. Kuyambira pamenepo munthu adaleka kungolandira mwayi monga mvula, adayamba kuukonzera ali kunyumba.

Malamulo a mipikisano adakhazikitsa kuti mulu usachepere makadi 60, ndipo khadi la mtundu umodzi lisapitirire anayi, kupatula makadi wamba otchedwa land. Makadi a land ndiwo amapereka mphamvu yoseweretsera makadi ena onse, ngati mafuta m'galimoto. Wosewera amayamba ndi makadi 7 m'manja. Tsopano tengani cholembera. Mukaika makadi anayi a mtundu umene mumaudalira, mwayi woti limodzi lipezeke m'manja oyambawo ndi pafupifupi 40 pa 100 basi. Mukaika makadi a land 24, mwayi woyamba opanda land kapena ndi limodzi lokha ndi pafupifupi 14 pa 100, kutanthauza kamodzi pa masewera asanu ndi awiri alionse. Munthu wotere amagonja asanasewere n'komwe, ngakhale akhale katswiri.

Vuto limeneli ndilo lidabala lamulo la mulligan, lolola wosewera kubweza makadi oipa n'kutola ena. Poyamba ankaloledwa yekhayo amene alibiretu land kapena amene makadi ake onse ndi land. Mu 1997 kudabwera njira imene idatenga dzina la mpikisano wa ku Paris: bwezani pa chifukwa chilichonse, koma mutole makadi ochepera ndi limodzi. Mu 2015 njira ya Vancouver idawonjezera kuti wobwezayo asuzumire khadi la pamwamba pa mulu n'kusankha kulisiya kapena kuliika pansi. Mu 2019 njira ya London idati tolani onse 7, kenako musankhe nokha oti mubweze pansi pa mulu. Kusintha konseku kunali kufunafuna malire a pakati pa mwayi ndi luso. Bawo lathu lilibe vuto lotere, pakuti nkhomo zonse zili poyera ndipo wogonja alibe woti amuloze chala. Makadi amafuna mwayi pang'ono kuti wophunzira nayenso apambaneko tsiku lina, koma usachuluke mpaka luso kukhala lopanda ntchito.

Masewerawa atalowa pa intaneti, makamaka Magic Online itatsegulidwa mu 2002, padabuka dandaulo limene silidathe: osewera ankati kompyuta ikuwakondera anzawo posakaniza makadi. Kukayikaku kunali ndi poyambira. Mu 1999 akatswiri a makompyuta ku America adaonetsa kuti pulogalamu ina yosakaniza makadi a poker pa intaneti inali yolakwika moti munthu ankatha kudziwiratu makadi akubwera. Komabe njira yolondola inalipo kale. Ronald Fisher ndi Frank Yates adaifotokoza mu 1938, ndipo Richard Durstenfeld adaikonza kuti igwire ntchito pa kompyuta mu 1964.

Gwero lalikulu la dandaulo lija linali m'manja mwa osewera eni ake. Mu 1992 Dave Bayer ndi Persi Diaconis adaonetsa kuti makadi 52 amafunika kuwagawa pawiri n'kuwalowetsana pafupifupi kasanu ndi kawiri kuti asakanizike mokwanira. Anthu ambiri safika pamenepo. Ena a Magic ankayamba ayala makadi a land motalikirana bwino mu mulu, kenako n'kusakaniza mwa chiphamaso, khalidwe limene malamulo a mipikisano salola. Anthu otere adazolowera manja osalala. Atakumana ndi kompyuta yosakaniza kwenikweni, makadi a land asanu akubwera motsatizana, adati yabera. Chonsecho mwayi weniweni umaoneka choncho, umabwera miulumiulu.

Makampani adaphunzirapo. Blizzard potulutsa Hearthstone mu 2014 idachotseratu makadi a land: mphamvu imakwera yokha ndi imodzi nthawi iliyonse yanu yosewera ikafika, mpaka 10. Mulu udatsika kufika pa makadi 30, ndipo mtundu umodzi supitirira awiri. Nayo Arena, imene idatsegulidwa kwa anthu onse mu 2018, idavomereza poyera kuti pa mipikisano yosewera kamodzi kokha kompyuta imakonza manja oyamba angapo mobisa n'kukondera amene ali ndi land wokwanira. Taonani zodabwitsa: kuti anthu akhulupirire kuti zinthu zikuyenda mwachilungamo, padafunika kuchepetsako mwayi weniweniwo.

Nanga luso la wosewera lili pati? Lili pa ndondomeko ya kaponyedwe ka makadi. Lamulo limene osewera Hearthstone amaphunzitsana msanga ndi lakuti yambani mwatola, kenako muganize. Mu Hearthstone muli msilikali wotchedwa Warlock amene amatha kulipira mphamvu ziwiri ndi moyo wake pang'ono kuti atole khadi lina. Wophunzira amayamba waponya makadi ake onse, n'kutola pomalizira, ndiye amapeza kuti khadi latulukalo ndi limene likadamupulumutsa, koma mphamvu yatha. Katswiri, ngati watsimikiza kale kuti atola, amatola poyamba, chifukwa mtengo wake ndi womwewo koma amasankha akudziwa zambiri. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Lamuloli lili ndi polekezera pake, ndipo masamu ndiwo amaonetsa. Tinene kuti mu mulu mwatsala makadi 20 ndipo okupulumutsani ndi awiri. Mukatola limodzi, mwayi wanu ndi 10 pa 100. Mukatola awiri, umafika pafupifupi 19.5 pa 100. Koma ngati muli ndi khadi lotulutsa mu mulumo makadi awiri amene si amene mukuwafuna, yambani mwaponya limenelo, chifukwa mudzatola pa 18 m'malo mwa 20, ndipo mwayi wa kutola kumodzi udzakwera kufika pa 11 pa 100. Kusiyana kwake n'kochepa, koma amene amasewera kambirimbiri amakolola pa tizigawo totere. N'chifukwa chake anthu ngati Frank Karsten wa ku Holland, katswiri wa Magic yemwenso ndi wophunzira kwambiri masamu, adatchuka polemba matebulo osonyeza kuchuluka kwa land woyenera kuika mu mulu.

Palinso phunziro lina lovutirapo. Mukhoza kutsata ndondomeko yolondola n'kugonjabe, ndipo mnzanu akhoza kusewera mosasamala n'kupambana. Ngati mwayi wanu unali 80 pa 100, kugonja kudzabwerabe kamodzi pa kasanu. Chiganizo chimayesedwa ndi zimene mumadziwa panthawi yosankha, osati ndi khadi limene lidatuluka.

Aphunzitsi anzanga, ndikupempha kuti pophunzitsa mutu umenewu tizibwera ndi paketi ya makadi m'kalasi, ana atole okha n'kuwerengera okha. Ndipo kwa inu ophunzira anga akale amene mafoni anu adzaza ndi masewera obetcha, kumbukirani kusiyana kuja. Mu mulu wa makadi, zimene zatuluka kale zimakuuzani za zimene zatsala. Pa makina obetchera palibe mulu umene ukutha. Kuluza kakhumi motsatizana sikutanthauza kuti tsopano nthawi yanu yopata yakwana, ndipo ndalama ya fizi ya mwana ikalowa m'menemo siikumbukiridwa.