Mafuta a lavenda

Mafuta a lavenda ndi mafuta onunkhira amene amachokera ku maluwa a chomera chotchedwa Lavandula angustifolia. Chomerachi chili m'banja limodzi ndi minti, chimachita maluwa a mtundu wa pepo, ndipo kwawo kwenikweni ndi kumapiri a mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean monga Spain, France ndi Italy. Masiku ano mafuta ambiri amachokera ku Bulgaria komanso kuchigawo cha Provence ku France.

Kapangidwe

Maluwa akadulidwa amaikidwa mumphika waukulu n'kulowetsamo nthunzi, mofanana ndi mmene amatchezera kachasu. Nthunziyo ikazizira, mafuta amayandama pamwamba pa madzi ndipo amawayengula. Zinthu ziwiri zimene zimachuluka m'mafutawa ndi linalool ndi linalyl acetate. Palinso mtundu wina wa chomerachi wotchedwa lavandin umene umatulutsa mafuta ambiri ndiponso otchipa, koma fungo lake ndi laukali. Umenewu ndi umene umapezeka kawirikawiri mu sopo.

Mbiri

Katswiri wa za mankhwala wa ku France, René-Maurice Gattefossé, anapsa m'manja mu 1910 moto utabuka m'chipinda chake choyeseramo zinthu. Iye analemba kuti zilondazo zitayamba kuvunda anazitsuka ndi mafuta a lavenda ndipo zinayamba kupola. Mu 1937 anatulutsa buku lotchedwa Aromathérapie, limene linatchukitsa njira yochiritsa pogwiritsa ntchito fungo la zomera. Nkhaniyi imabwerezedwa kwambiri ndi amalonda, koma ndi umboni wa munthu mmodzi. Malangizo a madokotala lero ndi akuti munthu akapsa athire madzi ozizira pamalopo kwa mphindi 20, osati kudzozapo mafuta.

Nkhawa ndi tulo

Umboni womveka bwino uli pa matenda a nkhawa, ndipo ukukhudza mankhwala akumwa otchedwa Silexan. Awa ndi makapisozi a mamiligalamu 80 a mafuta a lavenda amene kampani ya Dr. Willmar Schwabe ya ku Germany imagulitsa pa dzina lakuti Lasea. Pa kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2010, odwala nkhawa anamwa makapisoziwa kwa masabata 6 ndipo anapezako bwino mofanana ndi anzawo amene ankamwa mlingo wochepa wa lorazepam. Mosiyana ndi lorazepam, makapisoziwa sanaonetse vuto lakuti thupi liwazolowere mpaka munthu kulephera kuwasiya. Komabe ambiri mwa akafukufukuwa ndalama zake zinachokera ku kampani yomweyo. Mavuto amene omwa amadandaula nawo ndi kugeya fungo la lavenda komanso kusokonezeka kwa m'mimba.

Apa m'pamene anthu ambiri amasokonezeka. Kabotolo ka mafuta ka m'sitolo si Silexan, mlingo wake sudziwika ndipo sikanapangidwe kuti munthu amwe.

Kununkhiza mafutawa kapena kudontheza pang'ono pa pilo kumathandiza ena kukhazikika mtima ndi kugona msanga. Kuyesa zimenezi n'kovuta chifukwa woyesedwayo amamva fungolo n'kudziwiratu chimene wapatsidwa. Bungwe la European Medicines Agency limaika mafutawa m'gulu la mankhwala azitsamba amene akhala akugwiritsidwa ntchito kuyambira kale pochepetsa kutopa kwa maganizo ndi kuthandiza tulo, kutanthauza kuti maziko ake ndi chizolowezi cha zaka zambiri.

Zoyenera kusamala

Mafutawa ndi amphamvu ndipo akapakidwa okhaokha angathe kuyambitsa zidzolo ndi kuyabwa. Podzola amasungunula dontho limodzi kapena awiri mu supuni yaing'ono ya mafuta ena monga a kokonati. Mafuta okhalitsa amene alowa mpweya ndi amene amavuta khungu kwambiri, choncho botolo liyenera kukhala lotseka ndiponso pamthunzi. Mwana akamwa mafutawa akhoza kusanza, kuwodzera kapena kubanika, ndipo ayenera kuthamangitsidwa kuchipatala.

Mu 2007 magazini ya New England Journal of Medicine inalemba za anyamata atatu aang'ono amene anayamba kumera mawere atagwiritsa ntchito zodzola ndi sopo zokhala ndi lavenda, ndipo mmodzi mwa iwo zake zinalinso ndi mafuta a tea tree. Atasiya, mawerewo anaphwa. Akatswiri sanagwirizanebe ngati lavenda ndi amene anachititsa zimenezi, koma madokotala ena amalangiza kuti ana asamadzole mafutawa tsiku ndi tsiku.