Mawu akuti "forensic"

Mawuwa anachokera ku Chilatini, ku "forum", bwalo la mumzinda wa Roma kumene ankazengera milandu. Choncho sayansi ya forensic ndi yofufuza umboni wokagwira ntchito kukhoti: zidindo za zala, DNA, poizoni m'magazi. Ambiri akamva mawuwa amangoganiza za mitembo, koma lipoti la kulabotale lowerengedwa kukhoti la majisitireti nalonso ndi forensic.

Kwa wofuna kuiphunzira, Yunivesite ya Cape Town imaphunzitsa masitazi a sayansiyi. Wobwera ndi digiri ya ku Malawi amayamba waipereka ku SAQA, bungwe la ku South Africa lounika madigiri akunja, kuti liiunike. Ngati magiredi ake ndi otsika, ndi bwino alimbikire kaye pa digiri ya honours, poti ku South Africa masitazi kawirikawiri amafuna imeneyo.