Makiyi a SSH anachokera kuti, nanga amabisala pati?

FUNSO: Ndagula laputopu yatsopano, koma seva ya kuntchito ikukana kundilowetsa. Anzanga akuti makiyi a SSH anatsala mu yakale. Kodi makiyi amenewa anayamba bwanji, ndipo ndiwapeza pati?

YANKHO: Nkhaniyi inayambira ku Finland m'chaka cha 1995. Masiku amenewo anthu ankalowa m'makompyuta akutali pogwiritsa ntchito telnet ndi rlogin, zomwe zinkatumiza pasiwedi poyera, osaibisa n'komwe. Akathyali atatchera msampha pa netiweki ya Helsinki University of Technology n'kutola mapasiwedi a anthu, Tatu Ylönen, yemwe ankachita kafukufuku pasukulupo, analemba SSH n'kuigawa kwaulere. Mu 1999 a OpenBSD anatulutsa OpenSSH, ndipo ndi imeneyi yomwe ambiri tili nayo lero pa Linux, Mac ndi Windows.

Makiyi a SSH amakhala awiri, ndipo nzeru yokhala ndi makiyi awiriyi ndi yakale kuposa apo. Whitfield Diffie ndi Martin Hellman anaifalitsa mu 1976, ndipo chaka chotsatira Rivest, Shamir ndi Adleman anapanga njira ya RSA. Kiyi imodzi ili ngati loko: mungaipereke kwa aliyense akakhomere pakhomo pake, palibe choopsa. Inayo, yotsegulira, siyenera kuchoka m'manja mwanu.

Makiyi anuwo ali mufoda yotchedwa .ssh, m'kati mwa foda ya dzina lanu. Kadontho ka kumayambiriroko ndi kamene kamaibisa pa Linux ndi Mac, choncho lembani ls -a kuti ionekere. Pa Windows yang'anani mu C:\Users, pa dzina lanu. Mupeza fayilo ya id_ed25519 kapena id_rsa, ndi inzake yothera ndi .pub. Ya .pub ndiye loko uja, ndipo inayo ndiyo kiyi yachinsinsi. Musaiwale fayilo ya config ngati ilipo, chifukwa ndi imene imasunga mayina ndi maadiresi a maseva anu.

Mukafuna kusamutsa, koperani foda yonse pa fulashi, ikani mu laputopu yatsopano, kenako fufutani za pa fulashipo. Pa Linux ndi Mac lembani chmod 600 pa kiyi yachinsinsi, apo ayi SSH iikana chifukwa choti ena angathe kuiwerenga. Koma chonde, musadzitumizire kiyiyo pa imelo kapena pa WhatsApp. Kumeneko n'kubwezera vuto lomwe Ylönen ankathawa.

Mukadandifunsa ine, ndikadati musasamutse n'komwe. Pangani makiyi atsopano ndi ssh-keygen, muwaikire mawu achinsinsi, ndipo pogwiritsa ntchito laputopu yakale, yomwe ikadalowabe, onjezerani za mu .pub yatsopanoyo mu fayilo ya authorized_keys pa seva. Ngati seva ili m'manja mwa a IT, atumizireni .pub yokhayo. Mukatsimikiza kuti yatsopano ikulowa, chotsani mzere wa kiyi yakale, makamaka ngati laputopu yakaleyo mukufuna kugulitsa kapena kupatsa m'bale.