Kudikira Mvula pa Phiri la Bunda

Phiri la Bunda, lomwe lili pafupi ndi msika wa Mitundu, linali limodzi mwa malo amene Achewa ankapemphererapo mvula kalekale, ndipo linkalumikizana ndi kachisi wamkulu wa ku Msinja, kumene kunkakhala Makewana, mayi wolosera amene ankaonedwa ngati mkazi wa Chisumphi, dzina la Mulungu m'chipembedzo cha makolo. Mvula ikachedwa mpaka chimanga chongomera kumene kuyamba kufota m'mizere, akuluakulu ankasonkha ufa, mowa ndi nsalu yakuda n'kukathira nsembe, koma sankadziona ngati olamula mitambo: ankapepesa, n'kubwerera kumudzi kukadikira.

Amishoni a Dutch Reformed Church atakhazikitsa Nkhoma mu 1896, kum'mawa kwa Nathenje, anatsutsa nsembe zotere, komabe kudikirako sikunathe, chifukwa kunangosamukira m'matchalitchi, ndipo m'kupita kwa zaka Akhristu nawonso anayamba kukwera phirilo kukasala kudya ndi kuchezera kupemphera. Chikhulupiriro chimenechi chinayesedwa koopsa m'njala ya 2002, pamene Pulezidenti Bakili Muluzi analengeza mu February kuti dziko lili pa ngozi, mabanja akudya gaga ndi zitsa za nthochi. Ambiri anaona chifundo cha Mulungu m'chakudya chogawidwa kudzera m'mipingo, ngakhale thandizo lalikulu lochokera kunja linafika mochedwa, anthu ena atamwalira kale.