Mlandu Suola: Kuphedwa kwa Amayi ku Chiradzulu

Masiku ano pa wailesi za kanema pachuluka mafilimu ofufuza mbiri ya zigawenga zakale zimene zinkapha anthu motsatizana. Achinyamata athu amamudziwa bwino Jack the Ripper, munthu uja anapha amayi mumzinda wa London m'chaka cha 1888 koma osadziwika mpaka lero. Chodabwitsa n'chakuti ukawafunsa zimene zinachitika kuno kwathu ku Chiradzulu m'chaka cha 2000, ambiri amangokuyang'ana kukamwa. Chonsecho amene anaona zoopsazi ndi maso akadali moyo, ndipo manda ake ali m'midzi mwathu momwemu.

Kumayambiriro kwa chaka chimenecho, mitembo ya amayi inayamba kupezeka m'minda ndi m'tchire. Chimene chinazizira anthu nkhongono sichinali imfa yokha ayi, koma kuti mitemboyo inkapezeka itachotsedwa ziwalo monga mawere ndi ziwalo zobisika. Inali nyengo ya dzinja, chimanga chitatalika, nthawi imene mayi sangachitire mwina koma kupita kumunda. Ife amene tinali achinyamata tikukumbukira amayi athu akuyenda m'magulumagulu popita kumadzi kapena kunkhuni, ndiponso abambo akuchezera usiku ndi zibonga m'manja. Mlendo aliyense wodutsa m'mudzi ankaoneka ngati mdani.

Apolisi anagwira amuna atatu. Chaka chomwecho khothi lalikulu linawazenga mlandu wopha amayi asanu ndi mmodzi. Mmodzi anamasulidwa, pamene awiri analamulidwa kuti aphedwe. Anthu anapumira m'mwamba poganiza kuti nkhani yatha. Koma mu 2001 khothi la apilo, lomwe ndi lalikulu kuposa onse m'dziko muno, linamasula mmodzi mwa awiri aja, amene ankamuganizira kuti ndiye ankagula ziwalozo. Umboni womumanga unatsamira pa zimene mnzake anauza apolisi, ndipo lamulo limati munthu akavomera mlandu kupolisi, mawu akewo amamanga iye mwini, osati mnzake. Dzina lake sindilitchula pano, chifukwa khothi linamuyeretsa. Ambiri anakwiya, koma oweruza anachita ntchito yawo: sungapachike munthu chifukwa chakuti mudzi wakwiya. Komabe funso linatsala lili chiimire. Ngati ziwalozo zinkagulitsidwa, wogula anali ndani?

Funso lotereli silinali lachilendo m'chigawo chino. Pakati pa 1968 ndi 1970, m'makomboni a mzinda wa Blantyre, womwe wachita malire ndi boma lathu, anthu pafupifupi 30 anaphedwa usiku m'nyumba zawo. Mbiri imazitcha imfa za ku Chilobwe. Popeza wakupha sankapezeka, mphekesera zinabuka zoti boma la Dr. Kamuzu Banda likupopa magazi a anthu n'kumawatumiza ku South Africa pobweza ngongole. Mu 1969 amuna ena amene anawaganizira anamasulidwa ndi khothi lalikulu chifukwa chosowa umboni. Kamuzu anapsa mtima, ndipo lamulo linasinthidwa kuti makhothi a chikhalidwe, momwe munkakhala mafumu ndipo woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya, aziweruza milandu ya kupha. Oweruza achizungu a khothi lalikulu anatula pansi udindo.

Mu 1970 apolisi anagwira Walla Laini Kawisa, amene anavomera kuti anapha ena mwa anthuwo, ngakhale mawu ake ankasinthasintha. Anamupachika mu 1972. Nduna ina, Gomile Kumtumanji, inamangidwanso nkhaniyi ili mkamwamkamwa. Anthu ambiri sanakhulupirire kuti Kawisa anachita zonsezi yekha. Makhothi a chikhalidwe aja anakhala zaka zoposa makumi awiri, ndipo ndi omwewo amene mu 1983 analamula kuti Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera aphedwe. Taonani kutalika kwa mthunzi wa mlandu umodzi wosafufuzidwa bwino.

Apa ndiye pagona phunziro la mbiriyi. Mlandu wa kupha ukatha anthu asanamve choonadi chonse, mantha sapita kumanda limodzi ndi malemu. Amangobisala ngati moto wa mankhusu, kudikira mphepo. Patangopita zaka ziwiri chichitikireni za ku Chiradzulu, kumapeto kwa 2002, mphekesera za anamapopa zinafalikira m'maboma a kummwera, ndipo anthu anathawa minda yawo. Mu Januwale 2003 gulu la anthu linagenda Eric Chiwaya, gavanala wa chipani cha UDF mumzinda wa Blantyre, pomuganizira kuti akusunga opopa magazi. Mu 2017 mphekesera zomwezo zinabweranso ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, mpaka bungwe la United Nations linachotsako antchito ake ena. Anthu angapo anaphedwa ndi magulu olusa popanda umboni uliwonse. Namapopa sanapezeke ndi mmodzi yemwe, koma maliro a osalakwa anaikidwa.

Choncho amene angafune kujambula filimu kapena kulemba buku la imfa za ku Chiradzulu, ntchito ilipo ndithu, ndipo ndi ya ife eni dera. Koma asaichite pofuna kuopseza anthu kapena kutchukitsa chigawenga, monga ena achitira ndi Jack the Ripper. Ayambe ndi zigamulo za makhothi ndi nyuzi za nthawiyo, kenaka akhale pansi ndi mafumu, apolisi opuma ntchito ndiponso abale a malemu, ngati iwo alola. Asiyanitse chimene khothi linatsimikiza ndi chimene chinangomveka pa chigayo. Koposa zonse, akumbukire kuti amene anafawo anali amayi a ana, alimi ndi ochita malonda ang'onoang'ono, osati chiwerengero chabe.

Akuluakulu anati mlandu suola. Ana a amayi aja lero ndi anthu aakulu, ena ali ndi mabanja awo. Tsiku lina adzukulu adzafunsa chimene chinadya agogo awo. Tikapanda kuwasiyira mbiri yoona, mphekesera ndi imene idzawayankhe, ndipo tinaona kale chimene mphekesera imachita ikagwira chibonga.